Milu Itatu ya Che Wadi

"Iwe unafika Fomu 2, tandiuza. Anthu atatu akalemba pepala limodzi, aphunzitsi amadziwa bwanji mwini thukuta?" Anandifunsa choncho Che Wadi tsiku lina akusoka ukonde.

Che Wadi ndi mwini khoka kwathu kuno ku Lungwena. Dzina lawo satha kulemba, koma akangoponya diso pachingwe amadziwa amene akukoka ndi amene wangotsamira. Mlesi samutukwana ayi. Padoko pathu mlesi satchulidwa dzina, amamvera pa mulu wake pogawana nsomba. Ukalandira timakumba titatu anzako atanyamula chambo, mawa lake umakoka mpaka manja kusupuka.

Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti, kunabwera ophunzira atatu a ku yunivesite: Elsie, Willard ndi Blackson. Aphunzitsi awo, bambo wamagalasi wa kumapiri, anawasiya m'manja mwa Che Wadi masabata atatu kuti aziyeza kutalika kwa chambo chilichonse chotuluka m'khoka. Gulu lonse linali loti lilembe lipoti limodzi, koma malo opitiriza kafukufukuyo anali amodzi okha. Elsie anawafuna malowo ndi mtima wonse.

Che Wadi akamachokera kumzikiti mamawa ankamupeza mtsikanayo atagwada kale pamchenga, thabwa loyezera lili pamaondo, zala zili magazi ndi minga ya chambo. Willard ankalemba manambala, ngakhale ankayasamula kwambiri. Blackson ankadzuka dzuwa litakwera, n'kukakhala pansi pa mtengo ndi wailesi yake. Khoka likayandikira kumtunda ndiye ankathamanga, n'kugwira chingwe ndi zala ziwiri.

"Achimwene, chingwecho sichiluma!" ankakuwa asodzi.

"Ine ndimagwira ntchito ndi mutu, madala," ankatero iye.

"Mutu wake uti, wogona pansi pa chipewawo?"

Asodziwo ankaseka, koma mosapitiriza, chifukwa malume ake a Blackson anali tcheyamani wa chipani kwawoko, ndipo mnyamatayo sankatha tsiku osawatchula.

Tsiku lomaliza aphunzitsi aja anabwera pa galimoto. Blackson anawachingamira atavala malaya oyera, n'kuyamba kufotokoza manambala a Elsie m'Chingerezi chotsetsereka ngati anayeza yekha. Elsie anangoyang'ana pansi. Kenaka aphunzitsi anatembenukira kwa Che Wadi, atatu onsewo ali pomwepo.

"Bambo, anawa agwirizana bwanji pantchito?"

Kutchula mlesi pamaso pa mlendo n'kosayenera, nanji mlesi wa malume otere. "Dikirani pang'ono, bwana," anatero Che Wadi. Anapita pa nsomba za m'mawawo n'kuyala milu itatu pamchenga, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Elsie anamuikira chambo zisanu zonona. Willard zitatu. Blackson anamuikira kakumba kamodzi, kotupa mimba ndi dzuwa.

Doko lonse linamva. Amayi ogula nsomba anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Msodzi wina anachita kuthawira kuseri kwa bwato. Che Wadi anayang'ana aphunzitsiwo m'maso, kudikira kuti agwedeze mutu.

"Aa, zikomo kwambiri bambo, anthu a kunyanja ndinu opatsa!" anatero aphunzitsi. Anaitana dalaivala, amene anawola milu yonse itatu n'kuthira m'dengu limodzi. Pa pepala analemba kuti gulu lagwirizana bwino kwambiri, ndipo galimoto inanyamuka.

"Wallahi, munthu wamaso anayi osaona mulu!" anadandaula Che Wadi. Tsiku limenelo khoka silinalowenso m'madzi.

Patapita miyezi inayi Elsie anatumiza kalata yothokoza kudzera kwa ahedi a sukulu yathu. Kumapeto kwake analemba kuti onse atatu anapatsidwa malikisi ofanana, ndipo pa malo aja aphunzitsi akuganizira Blackson chifukwa amayankhula bwino, koma adzagamula yunivesite ikatsegulira. Kuyambira pamenepo Che Wadi sapsa mtima ndi mphepo ya mwera kapena ng'ona yong'amba ukonde, koma ndi dengu lija. Amati iwo anayankha zoona, pagulu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sadziwa kuti akanayankhanso bwanji.

Ndinawapempha kuti tilembe kalata kwa aphunzitsiwo. Anakana. Anati ali ndi khoka, ana asanu ndi awiri, ndiponso khadi la chipani limene safuna kuti wina alifunse kawiri.

Ine ndilibe khoka. Yunivesite itsegulira pakatha masabata awiri, ndiye ndatsimikiza mtima kuti Lolemba ndibwereka njinga ndipite ku positi ku Mangochi ndi kalata yanga ya kwa aphunzitsi aja. M'kalatamo ndifotokoza mmene timagawira nsomba ku Lungwena, ndi amene analandira chiyani tsiku lija. Pansi pake ndisaina dzina langa lonse.