Beseni Lija Lagwiranso Ntchito

Amayi, m'mawa uno kamwanapiye kanga kanamenyedwa ndi geti ndikutulutsa galimoto. Kanangoti gada, miyendo m'mwamba. Ndinali nditatenga kale khasu kuti ndikakakwirire pomwe ndinakumbukira tsiku lija ku Area 13, mutavundikira kamwanapiye kokomoka ndi beseni lachitsulo n'kumagogoda ndi chipande, ine ndikukusekani. Inu munangoti, "Seka mwanawe, koma chinthu chisanazizire sakwirira."

Ndachita zomwezo, aneba akusuzumira pampanda. Nditavundukula, kanaphethira, kanadzuka modzandira n'kulondola make. Panopa kakujompha madeya ngati sikomwe kaja, ndipo khasu ndabweza kuseri. Mtima wanga wakhala pansi. Munatisiya kalekale, Amayi, koma nkhuku zanga mukuzisamalabe. Pepani kuti ndinakusekani.