Ndinakana Foni ya Mayi Anga Chifukwa cha Sewero la ku China

Inu owerenga, ine ndinakana kulankhula ndi mayi anga ondibala pa nthawi imene iwo ankafunitsitsa kumva mawu anga, ndipo mwayi umenewo sunabwerenso. Palibe anandilodza. Ndinadzipusitsa ndekha nditagona pa sofa m'fulati yathu ku Etobicoke, mu mzinda wa Toronto, maso ali pa sewero la pa TV la ku China. Mwina museka, ndipo sindikuletsani, chifukwa nanenso ndikanamva kuti zachitikira munthu wina ndikanaseka mpaka kugwira nthiti. Koma chonde werengani mpaka kumapeto.

Munali mu 2006. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Oakville, ndipo mwamuna wanga Limbani ankayendetsa makina onyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Ndinali ndi pakati. M'mbuyomo ndinali nditapitapo padera kawiri, choncho magazi anga atayamba kuthamanga, dokotala sananyengerere. Anati ndisiye ntchito, ndizingogona, ndipo pasakhale chondidetsa nkhawa. Tangoganizani munthu wozolowera kuthamangira sitima m'mamawa, lero azingokhala yekha m'nyumba tsiku lonse, kunja kukuzizira koopsa, chomveka ndi ndege zokha zodutsa pamwamba pa denga.

Mnzanga wa kuntchito, Mei, wa ku China, anandimvera chisoni. Anabwera kudzandiona atanyamula kabokosi ka ma DVD, nati ndi sewero lakwawo limene linagonetsa anthu ndi njala chifukwa choiwala kuphika. Anthu a m'seweromo ankalankhula Chitchaina, koma pansi pankatuluka mawu achingerezi. Nkhani yake inali ya mtsikana wokwatiwa ndi mwamuna wofatsa, wachikondi chosiririka. Bamboyo ankamuphikira supu, kumupesa tsitsi, kumufunditsa jekete kukagwa mvula. Koma mkazi akangotembenuka, nkhope ya mwamunayo inkasintha, nyimbo n'kuyamba kulira mochititsa nthumanzi. Anali ndi mkazi wina kuseri, anali pa chiwembu cholanda chuma cha banja la mkazi wake, ndipo m'supu muja ankathiramo kanthu pang'onopang'ono. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mayi ake enieni a mtsikanayo ankadziwa zonse koma anatseka pakamwa.

Seweroli linandilowa m'magazi. Gawo likatha ndinkaika lina, chakudya chikuzizira pambali. Ndinkamukalipira mtsikana wa pa TV uja m'Chichewa ngati akundimva, kumuuza kuti atsegule maso. Phunziro limene ndinatolapo linali limodzi, loti mwamuna akachulutsa ukoma ndiye kuti pali chimene akukwirira.

Tsoka ilo, nthawi yomweyo Limbani anasintha. Munthu amene kale foni ankangoiponya patebulo anayamba kuyenda nayo mpaka kubafa. Ikalira ankatuluka nayo pakhonde, n'kutseka chitseko chagalasi, n'kuima m'chisanumo wopanda jekete, akulankhula motsitsa mawu. M'bini ndinkapeza makadi oimbira foni kumudzi okandakanda, ochuluka kuposa amene tinkagwiritsa ntchito. Ndiye ukoma wake! Limbani amene sankadziwa kumene timaika mchere anayamba kundiphikira, kundisisita mapazi, kundifunsa kawirikawiri ngati mwana wagunda. Koma m'maso ankandizemba. Ndikamuyang'anitsitsa ankapeza chochita kukhitchini.

Tsiku lina ali m'tulo ndinatsegula foni yake. Dzina limene linkabwerezabwereza linali la anti Esnati, nesi wa ku tchalitchi kwathu, mayi wa ku Chipata amene mwamuna wake anamwalira kalekale. Anali wamkulu kwa ife, komabe wodzisamala bwino, wonunkhira, woyenda pa galimoto yake.

Loweruka lina Limbani anati wapatsidwa shifiti yowonjezera. Anavala shati yabwino, osati zovala za kuntchito. Atangotuluka ndinavala chijasi changa, ndinaiwala dokotala, ndinaiwala mimba, n'kumutsatira. Ndinakwera basi ya pambuyo pake, ndipo pa siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka ndinamuona ali chiimire. Ndinalowa chipinda china cha sitima yomweyo, mpango nditakulunga mpaka m'mphuno. Mayi wamkulu ndi chimimba chake kubisala kuseri kwa zipilala za mu Toronto, ndikudziona ngati wapolisi wofufuza milandu. Anatsika m'tauni, pafupi ndi zipatala zikuluzikulu zija, n'kulowa m'kanyumba komwera khofi. Ndinasuzumira pawindo. Anti Esnati anali momwemo. Anakhala moyandikana, mitu pamodzi. Iwo anamupatsa chikwama chodzaza, kenako anamugwira dzanja nthawi yaitali, iye n'kumapukuta m'maso.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanalowa n'kufunsa kuti kodi pali chiyani. Mayi anga anandilera wolankhula, ndipo ku tchalitchi amandidziwa kuti sindisunga mawu m'kamwa. Koma mtsikana wa m'sewero uja sankafunsa. Ankamwetulira, kusonkhanitsa umboni mwakachetechete, kudikira tsiku lake. Nanenso ndinati ndichita chimodzimodzi. Ndinabwerera kunyumba miyendo itatupa, n'kugona pa sofa ngati sindinasunthe. Atafika ndinamufunsa kuti ntchito yayenda bwanji, iye anati yayenda bwino. Chikwama chija sanabwere nacho. Kuyambira tsiku limenelo supu yake ndinkaithira m'sinki akatembenuka. Inde, ndinafika poganiza kuti bambo wa mwana wanga angandidyetse poizoni.

Chimene chinandimaliza chinachitika m'mawa wina. Anatulukanso pakhonde koma chitseko sanatseke bwino. Ndinanyang'ama mpaka pakatani. Ndinamumva akuti, "Alamu, ine kubisa ndatopa nako, munthuyu ndimagona naye nyumba imodzi." Alamu akewo ndi achimwene anga a Fatsani, amene ankakhala ndi mayi kumudzi ku Ntcheu. Anamvetsera kanthawi, kenako anati, "Chabwino, ngati amayi anenetsa kuti asamve mpaka achire, ndikhala chete."

Inu owerenga, ndinamva ngati pansi pagumuka. Ndinati basi, zonse zagwirizana. Limbani ali ndi mkazi wina, achimwene akudziwa, mayi akudziwa, ndipo agwirizana zondisunga mumdima mpaka ndibereke. Ndinakumbukira kuti Limbani ndi amene anawafolerera nyumba ndi malata, ndipo mayi ankamutamanda paliponse kuti ndi mkamwini wa mtengo wapatali. Ndinati andigulitsa chifukwa cha malata. Za mwamuna zinandipweteka, koma za mayi zinandipweteka koposa, chifukwa ine ndi iwo tinkauzana chilichonse.

Tinali ndi chizolowezi choimbirana Lamlungu lililonse. Kumudzi kwathu netiweki sinkafika m'nyumba, inkangogwira pa kachitunda kuseri kwa sukulu, kamtunda ndithu kuchokera pakhomo. Akaweruka ku tchalitchi, mayi ndi achimwene ankapita pamenepo n'kudikira foni yathu, kuno kuli m'mawa, kwawoko dzuwa litapendeka. Lamlungu limenelo Limbani anaimba, anapereka moni, n'kundibweretsera foni kuchipinda. Ndinatembenukira kukhoma n'kunena kuti awauze kuti ndagona. Lamlungu lotsatira ndinati mutu ukundipweteka. Iye ankandiyang'ana ngati akufuna kulira, ine mumtima n'kumati lira ndithu, wachinyengo iwe.

Lamlungu linalo anachita kugwada pambali pa bedi, foni ili m'manja. Anati, "Chonde mayi, ngakhale moni yekha. Just say hello, basi." Mufonimo ndinkamva mawu a mayi akuitana dzina langa. Anali mawu aang'ono, otopa, koma ine ndinati ndi netiweki. Ndinakweza mawu dala kuti amve bwino, ndinati, "Auzeni alankhule ndi mkamwini wawoyo. Si ndi amene amasungirana naye zinsinsi?" Limbani anatuluka nayo foniyo, ndipo ine ndinayatsa TV, ndikudziona kuti ndawakhaulitsa.

Pakati pa sabata yomweyo, masana, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza Limbani ali m'zovala za kuntchito, nthawi yoti akanakhala ali ku ntchitoko. Kumbuyo kwake kunali anti Esnati ndi amayi ena awiri a ku tchalitchi, onse atamanga zitenje pansi pa majasi. Anavula nsapato, anasiya sofa n'kukhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula. Mmalawi aliyense amadziwa tanthauzo la amayi olowa m'nyumba mwakachetechete n'kukhala pansi chotero. Koma mutu wanga unali utadzaza sewero. Ndinati abwera kudzandiuza za mitala. Ndinayamba kutokota, kuwauza anti Esnati kuti ndinawaona ndi maso anga m'tauni, kuti alibe manyazi, mayi wamkulu kulanda mwamuna wa mwana. Anandilola kuti ndimalize. Kenako anaimirira, anandigwira mapewa, nati, "Mwana wanga, khala pansi. Amayi atisiya m'mawa uno."

Zimene zinatsatira sindizikumbukira bwino. Ndimangokumbukira kuti tsiku limenelo ndinagonekedwa kuchipatala, ndipo Limbani anandifotokozera zonse ali m'mphepete mwa bedi. Mayi anawapeza ndi khansa miyezi ingapo m'mbuyomo, itafalikira kale, ndipo kuchipatala anawabweza kuti azikasamalidwira kunyumba. Iwo eni ndi amene analamula kuti ndisauzidwe. Anati mwana wanga wataya kale mimba ziwiri, iyi isatayike chifukwa cha ine. Mukudziwa mwambo wathu, wapakati sauzidwa zoopsa, ndipo wakutali amauzidwa kuti kumudzi kuli bwino ngakhale anthu akusinthana kugonera wodwala. Limbani ankapita kwa anti Esnati kuti amumasulire zimene madokotala akumudzi ankanena. M'chikwama chija munali mabandeji, magolovesi ndi matewera a akuluakulu, zimene Limbani anapatsira munthu wina wopita ku Lilongwe tsiku lomwelo. Ukoma wake wonse uja chinali chisoni, ankandiphikira chifukwa ankadziwa chimene chikundidzera.

Ku maliro sindinapite, dokotala anakaniza zokwera ndege. Patapita masiku ndinalimba mtima n'kuimbira achimwene. Sanandikalipire, ndipo mwina akanandikalipira zikanandipepukira. Anangondiuza mmene zinkakhalira. Masabata omaliza aja mayi sankathanso kuyenda, ngakhale kukhala tsonga. Koma likafika Lamlungu ankauza achemwali anga kuti awasambitse, awaveke chilundu chatsopano, ndipo achimwene ankabwereka ngolo, kuyalamo matiresi, n'kuwakweza mpaka pa kachitunda paja. Msewu wake ndi wamiyala, ndipo ngolo ikagunda mwala ankaluma mano osafuna kubuula. Akafika ankapempha madzi, kutsuka kukhosi, n'kumayeserera kulankhula mwamphamvu kuti ine ndisazindikire kanthu. Ulendo uliwonse ankabwerera osandimva. Koma tsiku lomaliza lija mawu anga anawamva bwinobwino. Achimwene akuti mayi anangoti, "Musiyeni mwana wanga, pakati pamabwera ndi ukali. Tidzabweranso Lamlungu."

Sindinama, ndinawakwiyira onse. Limbani ndinakhala nthawi yaitali ndikumuyankha ndi mutu wokha. Ndinkamufunsa kuti ndani anamuuza kuti mtima wanga ndi dzira, kuti anali ndi ufulu wanji wondibisira matenda a mayi anga. Mpaka lero ndimaona kuti analakwa, iye ndi achimwene, ngakhale mayi amene. Koma ndikakhala pansi ndimadziwa kuti iwo anabisa chifukwa cha chikondi, pamene ine ndinakhala chete chifukwa chofuna kugwira munthu. Limbani ananena yekha kuti ndikanangomufunsa maso ndi maso, sakanatha kupitiriza bodzalo, chifukwa linali litamufika pakhosi. Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi. Anti Esnati, amene ndinawanyoza pamaso pa anzawo, ndi amene anabwera kudzamusambitsa masiku oyamba. Ndinawapepesa ndikulira, iwo anangoti zatha, n'kundiuza kuti ndiwapatsire thaulo.

Sindikunena kuti masewero a ku China ndi oipa. Anthu aja amadziwa ntchito yawo, amapangira dala kuti mtima uzigunda ndiponso kuti uzikayikira aliyense wooneka pa TV. Vuto limabwera ukazimitsa TV koma kukayikirako n'kutsala nako m'nyumba, makamaka kunja kuno kumene munthu umakhala wekha, wopanda mnansi wokuseka n'kukuuza kuti wayamba misala. Mukaona zachilendo kwa mnzanu wa m'banja, mufunseni tsiku lomwelo, ngakhale mukangane mpaka aneba agogode khoma. Inu akumudzi, ndi inu amene mumasunga uthenga kunja kuno, lekani kutibisira matenda a makolo athu. Tiuzeni tilire, titsanzikane nawo akadali ndi mpweya. Ndipo kaya kholo lanu mwalikwiyira chotani, likakuitanani yankhani, zokambirana mudzakambirana pambuyo. Ine mawu omaliza amene mayi anga anamva kuchokera pakamwa panga anali achipongwe, ndipo ndilibe koti ndikawapepesere.