Chikwa cha a Daka

A Nehemiah Daka anafika ku Kitwe mu 1974 ndi sutikesi yomanga ndi chingwe komanso kalata ya abusa a ku Petauke yonena kuti mnyamatayu samwa, sasuta, ndipo sayankha akuluakulu. Mgodi unaona kuti munthu wotere ndi mphatso yochokera kumwamba. Unawatsitsira pansi pa nthaka, n'kuwakhazika pafupi ndi mapampu otulutsa madzi, n'kuwapatsa lamulo limodzi lokha: makina akayamba kunjenjemera, nyale n'kumaphethira, dinani batani, zimitsani, mafunso pambuyo. A Daka anadina batanilo zaka twente-sikisi. Anawapatsa masatifiketi awiri a chitetezo ndi wotchi ya pakhoma, yomwe inaima chaka chomwecho.

Mgodi unali mayi, unalinso bambo. Ufa unkachokera kumgodi, mababu kumgodi, ngakhale matewera a Zipporah, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali a kumgodi. Ndiye mu 2000 mayi uja anagulitsidwa. Eni atsopano anagawa makalata a Chingerezi chosalala, ndipo pansi pake panali mawu akuti tikakufunani tidzakuitanani. Anzawo anawerenga n'kumva kuti kwatha. Wina anayamba kuwotcherera mageti, wina anabwerera kumudzi, wina anangodziponya mu mowa. A Daka anawerenga mawu omwewo n'kumva lonjezo. Anatulutsa mpando pakhonde la nyumba yawo ku Bulangililo, anauyang'anitsa kumsewu, n'kukhalapo.

Pakhomo anthu ankadyabe chifukwa cha akazi awo, a Damaris, amene ankagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, pamsika wa Chimwemwe. Kumsikako ankalankhula Chibemba chokhachokha, Chinyanja ankachisungira amuna awo madzulo. Tsiku lina, potsegula belo, anapeza kamakina ka masewera m'thumba la jekete la mwana wa kunja, kotuwa, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani ochepa. Anabwera nako kunyumba kuti a Daka, katswiri wa makina, akaone ngati kakugwira ntchito kuti kagulitsidwe. Kunali kulakwa kwakukulu pa moyo wawo wonse wa malonda. A Daka anachotsa mabatire m'wailesi, anaika m'kamakinako, ndipo pakhomopo sanamvenso nkhani za pa wailesi.

M'kagalasimo munali kamunthu koyendayenda m'tchire, kugwira tizilombo n'kumatimenyanitsa ndi tina. Mwini wake wakale anasiyamo tizilombo sikisi. Tisanu tinali taukali ndithu, kena kolavula moto, kena ka zikhadabo. Kachisanu ndi chimodzi kanali chikwa, chija mbozi imadzitsekeramo isanasanduke gulugufe, chokhala ndi maso awiri a tulo. Chilibe miyendo, chilibe mano. Nzeru yake inali imodzi: kudziumitsa. Achimenye, chiuma. Achimenyenso, chiumanso.

Pa tizilombo tonseto, a Daka, mkulu wa mpingo wa Reformed, anakonda chikwacho. Anachitcha Foromani, chifukwa pa ndewu iliyonse ankachitulutsa choyamba kuti chionekere, kenako n'kuchibweza kuti anzake agwire ntchito, koma mphotho chinkalandira nawo. Ankati kumgodi zinkayenda choncho ndipo palibe anafa nazo.

Vuto linabwera pa sabata yachiwiri. Ndewu itatha, kagalasi kanayamba kuphethira, Foromani n'kumanjenjemera, kanyimbo kachilendo n'kumalira. Chala cha a Daka sichinafunse mutu. Chinadina batani lobwezera, ndipo zonse zinangoti zii. Foromani anabwerera mwakale, maso a tulo aja ali pomwepo. A Daka anapuma mozama, thukuta lili kamukamu, n'kuuza akazi awo kuti apulumutsa makina.

"Mwachita bwino, atate ake Zipporah," anatero a Damaris akusankha nyemba. "Mawa mupulumutsenso denga, likudontha."

Zinachitikanso, ndipo anadinanso. Nthawi iliyonse Foromani akakwera giredi, kagalasi kankaphethira, a Daka n'kudina. Anafika potenga kope n'kumalemba tsiku ndi nthawi ya ngozi iliyonse, monga ankachitira pansi pa nthaka.

Zipporah anali ndi zaka twente-thuu, ndipo anali ndi yake nkhani. Anapeza malo pa sukulu ya unamwino ya mishoni ina kum'mawa. Kalata inati afike Lolemba loyamba la Julaye ndi satifiketi yeniyeni ya Giredi Thwelofu, osati fotokope yake, ndipo wosafika malo ake apatsidwa wina. Satifiketiyo inali m'bokosi lachitsulo la a Daka, pamodzi ndi kalata ya eni atsopano ija, ndipo kiyi wake ankagona m'thumba la malaya awo.

"Atate, ndikupempha satifiketi yanga," anatero atagwada pakhonde, kutatsala masabata atatu.

"Mwana wa munthu wa kumgodi amaphunzira ku chipatala cha mgodi," anayankha a Daka, maso ali pa kagalasi. "Akandiitana, ndikakulankhulira kwa akuluakulu. Uthamangira chiyani? Ine ndinachoka kum'mawa kudzafuna moyo kuno, iwe ufuna kubwerera komwe ndinathawa?"

"Atate, papita chaka ndi miyezi. Ndani wakuitanani?"

"Zinthu za kampani zili ndi ndondomeko yake."

Nthawi yomweyo kagalasi kanaphethira. Zipporah, amene anaphunzira za tizilombo kusukulu, anasuzumira n'kugwira dzanja la atate ake.

"Musadine! Si kuwonongeka kumeneko. Ndi chikwa, chikufuna kuswa."

A Daka anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. Iwo, amene anasunga mapampu zaka twente-sikisi popanda munthu mmodzi kumira, aphunzitsidwe za makina ndi mwana amene anamugulira okha yunifolomu? Chinthu chonjenjemera n'chodwala, basi. Anadina mwamphamvu, chala mpaka kuyera.

Kunena zoona, a Daka sanali munthu woipa. Anali ndi mantha, ndipo mantha awowo anawaveka taye n'kumawatcha ndondomeko. Ankadziwa kuti Zipporah akachoka, pakhondepo padzatsala iwo, mpando, ndi msewu umene galimoto ya kampani sinadutsepo. Koma zimenezi sakanaziuza munthu, ngakhale Mulungu ankangomuuza mozungulira.

A Damaris anayesa njira zonse za mkazi wa mpingo. Anapempha, ananyengerera, anaitana abusa. Abusa anamwa tiyi, anaonetsedwa Foromani, anati n'zodabwitsa zimene azungu amapanga, n'kupita. Lachisanu lomaliza a Damaris sanapite kumsika. Loweruka m'mawa, a Daka ali pakhonde ndi Foromani wawo, m'nyumba munamveka kugogoda kwa chitsulo. Anafuula kufunsa kuti n'chiyani. A Damaris anayankha kuti akukhoma msomali wopachikapo zovala, ndipo a Daka anati akhome mowongoka.

Ndewu ya m'mawa umenewo inali yoopsa, ndi chilombo cha nyanga chimene chinagwetsa asilikali awo atatu. Anthu ankadutsa pakhondepo, wina analankhula nawo, koma a Daka anali pa ntchito. Atapambana, kagalasi kanayamba kuphethira. Anadina. Palibe chinachitika. Anadinanso ndi chala chachikulu, ndi zala ziwiri, ndi chikhadabo. Batani lija, lopangidwira tizala ta ana, linali litalowa mkati osabwereranso.

"Damaris! Bweretsa sikuludiraiva! Msanga!"

Sikuludiraiva sinabwere. Foromani ananjenjemera, anawala, anang'ambika pakati. A Daka anatsinzina, kudikira utsi. Atatsegula maso, m'kagalasimo munali gulugufe wa mapiko akuluakulu ndi tinyanga tiwiri, kanyimbo ka chikondwerero kakulira. Makina anali bwinobwino. Anatsegula kope lawo la ngozi n'kuwerenga mizere. Inali sate-wani. Kasate-wani konse anakaniza chinthu chimene sichinkadwala n'komwe.

Anaseka okha, kuseka kwa manyazi, kenako anadzuka ndi liwiro limene maondo awo anali ataliiwala.

"Zipporah! Mwanawe, unanena zoona! Bwera udzaone!"

Kuchipinda kwa Zipporah bedi linali loyalidwa bwino, chikwama chake palibe. Kuchipinda kwawo bokosi lachitsulo linali yasa, loko ali pansi atathyoka, nyundo yawo yomwe ili pambali pake. Kalata ya eni atsopano inali pamwamba, yopindidwa mwaulemu. A Damaris anaima pakhomo akupukuta manja pa chitenje, ndipo sanabise nkhope.

"Ndathyola ndine. Wakwera minibasi ya eyiti koloko, pano ali m'basi ya ku Lusaka, komwe akakwerere ya kum'mawa. Ngati mukufuna kukandinenera kwa abusa, nsapato zanu ndapukuta."

A Daka anakhala pansi pa bedi, kamakina kali m'manja, gulugufe uja akuwayang'anabe. Ukali umene ankaufunafuna sunabwere. Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Ndiye wangopita choncho, osatsanzika atate ake?"

"Watsanzika," anatero a Damaris. "Kawiri. Anagwada pakhondepo ndi chikwama chake, n'kukuuzani kuti atate ndikupita, mundipempherere. Inu munati adikire pang'ono."