Fungo la m'manja mwa mwamuna wanga

Ine mphuno yanga sinama. Zaka zija sopo anasowa m'maloja, masitolo a ku Milange, titangolandira ufulu, tonse tinkanunkha utsi ndi thukuta. Munthu akabwera ndi fungo lachilendo ankadziwika akadali kumsewu.

Mwamuna wanga anayamba kakhalidwe kena. Loweruka lililonse m'mawa ankatenga njinga, ati akukaona mmene nyemba zikuyendera kumalire. Pobwera masana manja ake ankanunkhira timbewu tonunkhira tosakaniza ndi maluwa. Manja okha! Kumaso ndevu zili chomwecho, pakhosi tiziphuphu tili mbwee, poti mwini wakeyo ankameta chouma ndi lezala yobuntha. Ndinkadzifunsa kuti kodi manja amenewa akusisita yani?

"Bambo a mwana, kodi nyemba za ku Muloza zayamba kudzola?" ndinamufunsa tsiku lina. Anangoseka n'kupita kukamanga mbuzi. Kusekako kunandiwawa kuposa mbama.

Ndikufunafuna chikwakwa, ndinapeza kachubu katasomekedwa paudzu wa denga la nkhokwe, kokulungidwa m'sanza. Zolembapo zinali zachingerezi, ine changa ndi Chipwitikizi chomwecho cha pamsika. Nditafinya panatuluka zobiriwira, zoterera ngati therere. Ndimati ndisambe m'manja, zija zasanduka thovu loyera. Mayo ine! Chinthu chosintha mtundu uli chigwirire? Ndinati basi, kondaine wa akazi a kutsidya kwa mtsinje wa Ruo ndi ameneyu. Ndinakafinyira zonse m'chimbudzi, kachubuko n'kukakulunganso m'sanza yake.

Loweruka anatenga sanzayo osaimasula. Ndinamuleka apite, kenako ndinalondola mapazi a njinga m'fumbi, zotukwana nditazikonza kale pakamwa. Koma njingayo sinalowere kumalire. Inakhotera njira ya kwathu, kumene bambo anga ankakhala okha chimwalirire mayi.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba. Bambo ali pampando atakweza chibwano, mwamuna wanga atagwada ndi lezala. Mkamwini kugwira nkhope ya apongozi ake! Kwathu mkamwini sadya nawo n'komwe mbale imodzi. Tsaya limodzi linali litametedwa, ndipo pankatuluka magazi malo atatu.

"Wabwera, mwana wanga," anatero bambo, manja atawapanira pakati pa mawondo. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti akunjenjemera. Bambo angawa anaphikira mzungu wa kuminda ya tiyi zaka zambiri, ndipo sanatulukepo panja ndi ndevu. Tsopano lezala inkawagwa m'manja, ndipo sanafune kuti ine ndidziwe.

"Mankhwala athu atithera lero," anapitiriza. "Kaya ndi dzuwa lawaumitsa."

Ndinafunsa ndi mawu aang'ono kuti mankhwala anji.

"Ometera. Mulibe zachilendo mmenemo, mzungu uja ankandiuza. Ndi sopo wofewa, madzi, timafuta ndi gilisalini. Ndevu zili ngati nyemba zouma, ukaziviika zimafewa. Thovu lija limasunga madzi pankhope kuti zimwe, mafuta aja lezala imangotsetsereka osaluma khungu. Timbewu ndi toziziritsa chabe. Khungu la nkhalamba ndi lopyapyala, iwe. Amuna akowa anachita kubisa kachubuko m'thumba la chimanga podutsa pamalire, asilikali akanawagwira bwenzi atalawa chikoti."

Manyazi anandigwira. Ine ndinkadziwa kuti si dzuwa ayi.

Mwamuna wanga anayang'ana kachubu kali pansi, kopindidwa bwinobwino kuchokera kumchira monga ndinkapindira chilichonse chofinya kunyumba. Dzuwa silipinda chinthu chotero. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuviika lezala m'madzi opanda kanthu.

"Mayi a mwana," anatero, "gwirani mutu wa bambo usagwedezeke. Latsala tsaya linalo."

Ndinaugwira. Lezala ikakoka, ndinkamva bambo akuluma mano m'manja mwangamu.