Loweruka Samwa Madzi

Mlongo wanga wamng'ono anthu amamutchula kuti Kochi, ngakhale sanaphunzitsepo timu ina iliyonse. Dzinali analipezera pabenchi, m'holo yoonera mpira ya kuseri kwa msika, chifukwa cha pakamwa. Osewerawo ali kutali kwawoko, sakumudziwa n'komwe, koma iye amawauza poima, amawakalipira akachedwa kupatsira mnzawo mpira, ndipo amene wamukwiyitsa amamutulutsa m'bwalo ndi pakamwa pomwepo. Ndinamulera ndine mayi athu atamwalira, choncho musayese kuti iyi ndi miseche ya munthu wapadera. Ndimamukonda, ndipo n'chifukwa chake amandipsetsa mtima kuposa wina aliyense.

Ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo. Amapanga mageti, mafulemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo, nthawi zina mabedi. Pashedi ya abwana ake pali amuna anayi, koma geti ikafunika kuti ilunjike bwino amaitana iyeyo. Manja ake ndi odzadza timabala ta moto, malaya ake onse ndi obookabooka ngati adyedwa ndi njenjete, ndipo wosoka zigamba ndine, popeza ndine telala. Timakhala mumdadada umodzi wa zipinda, khomo lake ndi langa n'zoyandikana, ndipo makina anga amakhala pakhonde lomwelo. Khoma lotilekanitsa n'lopyapyala moti akayetsemula ndimamva.

Sindifunika wailesi kuti ndidziwe mmene timu yake yachitira. Ikawina Loweruka, Lamulungu amatsuka mbale osatumidwa, amasesa pakhonde mpaka mbali yanga, Lolemba amapita kuntchito akuimba likhweru. Ikaluza, nyumba yonse imayenda monyang'ama. Salankhula, sadya bwino, ndipo kuntchito amawotcherera mwaphuma, magalasi akuda ali pachipumi m'malo mokhala m'maso. Akabwerako maso amakhala psuu, akutuluka misozi, iye n'kumadandaula kuti muli mchenga. Ine ndimamuuza kuti anzakowo aluza koma akugona bwino kwawo, wakhungu udzakhala iwe wekha.

Anakwatira ali mwana, ndipo mwana wawo anabadwa iye ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndi kamtsikana kochepa thupi, kamaso aakulu, kosakonda kulankhula. Timakatchula kuti Kadoli, ndipo chaka chino kakwanitsa zaka zinayi. Mlamu wanga amaluka tsitsi musaluni ya mayi wina, ndipo Loweruka ndi tsiku limene sadzutsa n'komwe mutu, amachoka m'mawa kukabwera dzuwa litalowa. Choncho Loweruka Kadoli ankakhala ndi ine, pansi pa makina, akutola timapisi ta nsalu n'kumaveka botolo ngati chidole.

Sindinganame kuti Kochi ndi bambo woipa. Samenya, samwa mowa, ndipo mwana akadwala amamubereka yekha kupita naye kuchipatala. Vuto ndi lakuti amachoka mwana asanadzuke, amabwera atatopa, n'kumugwira pamutu kamodzi, basi kwatha. Kadoli ankamutsatira ndi maso kuchokera pakhomo mpaka pampando.

Ndiye pali zizimba zake za mpira. Munthu woti amayeza chitsulo ndi tepi kawiri asanadule, akafika pa mpira nzeru zonse amazisiya pakhomo. Timu ikamawina motsatizana jezi yake sichapidwa, olo inunkhe bwanji. M'holo amakhala benchi yachitatu, kumapeto, pafupi ndi mzati. Lamulo lalikulu la iye ndi anzake ndi limodzi: zinthu zikamayenda bwino, aliyense akhale pomwe wakhala, osasuntha mpaka mpira uthe. Wamkulu wa lamuloli ndi Abutcha, bambo wonenepa wogulitsa nyama mumsika, amene mawu ake amamveka mpaka kumsewu.

Loweruka lina ndinapita kukagula nsalu za mayunifolomu, ndipo Kochi analibe pomusiya mwana. Anamutenga kuholo. Timu yake inali itachinyidwa chigoli chimodzi, nthawi ikutha, Kadoli atagona tulo pamiyendo pa bambo ake. Kenaka m'mphindi zomaliza anachinya ziwiri. Abutcha anamunyamula mwanayo m'mwamba, tulo tili m'maso, n'kulengeza kuti chithumwa chapezeka. Anatinso kuyambira tsiku limenelo Kochi asadzayerekeze kulowa m'holo ali yekha.

Anawina masabata asanu otsatizana. Apa ndiulule mlandu wanga. Kochi anandibweretsera jezi yake yakale kuti ndidulepo kakang'ono ka mwana, ndipo ndinakasoka ndi mtima wonse, mpaka kuikapo nambala kumsana. Ndinkaona kuti zinthu zakoma. Loweruka likafika Kadoli ankadzuka yekha, kuvala kajezi kake motembenuza, n'kukhala pakhomo kudikira. Mpirawo sankaudziwa, ngakhale kusiyanitsa matimu sankatha. Chomwe ankadziwa n'chakuti kwa maola awiri athunthu amakhala pamiyendo pa bambo ake, dzanja lawo litamuzungulira pamimba, chibwano chawo chili pamutu pake. Akabwera ankandiuza kuti adadi akakuwa, msana wake umanjenjemera. Chinali chikomekome cha mkuyu, ine osaona nyerere.

Sabata lachisanu ndi chimodzi kunali kotentha, ndipo mwana anali atamwa madzi ambiri. Mpira uli pafupi kutha, matimu asanachinyane, ananong'oneza bambo ake kuti akufuna kukodza. Kochi anati adikire. Ananong'onezanso, uku akudzipotokola. Anamunyamula mothamanga kupita naye kuseri kwa holo, ndipo mwana atangonjuta, m'katimo munaphulika phokoso la anthu a timu inayo. Atabwereramo, Abutcha anafunsa holo yonse kuti munthu wochotsa chithumwa pamalo pake amayembekezera chiyani. Anthu anaseka, ena anatukwana, ndipo mpira unatha choncho.

Zimene ananena panjira anandiuza yekha Kochi madzulo ake, atakhala pakhonde akuvula nsapato. Sankaona cholakwika chilichonse. Anati sanamukalipire, sanamukwezere mawu, anangomuuza bwinobwino kuti, "Ukanapirira pang'ono, Kadoli. Mphindi zisanu zokha."

Ndinamuuza kuti asamalankhule zopusa kwa mwana, n'kupitiriza kusoka. Ndinasiyira pomwepo, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinasiyira pomwepo.

Loweruka lotsatira anabwera akuimba, mwana ali paphewa. Anawina. Buluku lake linali lonyowa kuyambira pantchafu mpaka m'mawondo, ndipo ankaseka kuti mwana wamuthira mwayi, anzake amuseka koma zilibe kanthu. Ndinamutenga Kadoli kukamusambitsa. Mwana ameneyu anasiya kudzikodzera ali ndi zaka ziwiri, koma ndinati mwina phokoso linamudzidzimutsa. Ndikumupaka sopo anandiyang'ana ndi maso ake aja n'kufunsa ngati lero wakhoza. Ndinati wakhoza, osadziwa n'komwe kuti ndikuvomera chiyani.

Ndinadzazidziwa patapita masiku asanu ndi awiri. M'mawa wa Loweruka mlamu wanga anandisiyira mwana ali wodandaula, nati wakana tiyi, mwina thupi silili bwino. Ndinamugwira pachipumi, sanali wotentha. Buledi anadya, wouma, akumeza movutikira. Dzuwa litakwera malata anayamba kulira ndi kutentha, ine ndinamwa makapu awiri, iye ayi. Ndinamusendera lalanje, anapukusa mutu. Milomo inali itauma, yayamba kuyera m'mbali. Ndinasiya makina, ndinagwada pansi n'kumufunsa chomwe chikumupweteka.

"Palibe, azakhali. Lero ndi la mpira. Ndikamwa ndifuna kukodza, ndiye timu ya adadi iluza."

Ndinamusiya mwana kwa mayi wa khomo lachitatu, ndinavala nsapato n'kulunjika kushedi, popeza Loweruka amaweruka masana. Ndinamupeza atawerama pa geti, moto ukuthetheka. Ndinaima patsogolo pake mpaka anazimitsa makina n'kukweza magalasi. Ndinamuuza zonse, anzake akumva, ndipo sindinasankhe mawu. Poyamba anaseka, nati ana amalankhula zambiri. Ataona nkhope yanga kuseka kunatha. Anayang'ana pomwe amawotcherera paja, chitsulo chikuzirala kuchoka pofiira mpaka kuda.

"Ine sindinamuuze kuti asamamwe madzi, achemwali."

"Unamuuza kuti apirire. Wapirira. Sabata latha anakukodzera dala kuti asakuchotse pabenchi, iwe n'kumati mwayi."

Ndinamuuza chochita, ndipo sichinali chovuta. Abwere kunyumba, amunyamule mwana, amumwetse madzi ndi dzanja lake, amuuze ndi pakamwa pake kuti kuluza kuja sikunali chifukwa cha iye. Akafuna apite naye kuholo, koma akati akufuna kukodza atuluke naye olo kakhumi, Abutcha akalankhula amuuze kuti akanyamule ng'ombe zake. Kapena tsiku limodzi lokha asapite n'komwe, akhale ndi mwana wake pakhonde. Anagwedeza mutu nati wamva. Maso ake anali ndi misozi, ndipo ulendo uno sunali mchenga.

Koma mlongo wangayu ndimamudziwa. Chitsulo chokhota amachiwongola, koma kupepesa sanaphunzire, ndipo manyazi akamugwira amathawa. Ataweruka sanadzere kunyumba. Anavalira jezi kushedi komweko n'kudutsa njira ya kuseri kwa msika. Pa zonse ndinanena zija, iye anatolapo chimodzi chokha chimene sindinanene, choti mwana asamapitenso kumpira.

Kadoli anakhala pakhomo kuyambira masana, atavala kajezi, mawondo atawakumbatira. Ndinamukakamiza madzi, analawa ngati mankhwala. Mwamuna aliyense akatulukira pakona ankadzuka, n'kukhalanso. Holo ija sili kutali, mphepo ikamachokera kumsika phokoso limafika. Tinamva kukuwa koyamba, kenaka kwachiwiri, kenaka kwachitatu. Anandifunsa ngati mpira wayamba, ine ndinanama kuti ndi anthu a ukwati. Anangotsamira pachitseko.

Ndinapemphera kuti timu imeneyo iluze. Mulungu andikhululukire, koma ndinapempheradi, chifukwa ndinkaona kumene zikupita.

Anawina zigoli zitatu kwa duu. Kochi anatulukira dzuwa litangolowa, akuyesetsa kubisa chimwemwe koma mapazi akumuulula, m'manja muli kabotolo ka zakumwa ndi masiwiti. Mlamu wanga anali atangofika, ndipo ndinali nditamuuza kale. Anali ataima pakhomo, chipeso cha kusaluni chidakali m'tsitsi, maso ali ofiira ndi ukali. Kochi anafuna kuti atikhazike mtima pansi tonse nthawi imodzi. Anagwada pamaso pa mwana, anamupatsa botolo, n'kutiyang'ana ife ngati munthu wobweretsa uthenga wabwino.

"Mwaona? Tawina zitatu iye kulibe. Si chithumwa ayi, zinali zonama za Abutcha. Imwa madzi mmene ungafunire, Kadoli, kumpira sukufunikanso."

Ankayesa akumumasula. Ndinamuona pankhope kuti akudziyesa bambo wanzeru, wokonza zimene analakwitsa. Mwana anagwira botolo lija ndi manja awiri, osatsegula, akuyang'ana jezi ya bambo ake. Sanalire. Ndikanakonda akanalira, mwina Kochi akanamva.

Mlamu wanga analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Kudzera pakhoma lathu lopyapyala lija ndinamva zonse. Iye ankati mwana akufuna bambo ake, osati masiwiti. Kochi ankati nanga achite chiyani, akamutenga walakwa, akamusiya walakwa, akazi simukhutira. Ndinagogoda pakhoma ndi sizasi kuti atsitse mawu. Tsiku lotsatira ndinayesanso kumufotokozera Kochi, pang'onopang'ono ngati wa sukulu ya mkaka. Anati wamva, ndipo adzapita naye kokayenda Lamulungu lina akadzapeza mpata. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la mlongo wanga ndalitsina mpaka zala zanga zatopa.

Papita masabata atatu. Timu ikuwinabe, jezi sinachapidwe, mbale zikutsukidwa Lamulungu lililonse, ndipo pakhonde panga pakusesedwa. Anthu akamuona akudutsa ndi likhweru lake amandiuza kuti ndinalera mwamuna wabwino. Kajezi kaja mlamu wanga anakabisa pansi pa sutikesi, koma mwana anakapeza.

Dzulo linali Loweruka. Kadoli anakhala pafupi ndi makina anga atakavala, kapu ya madzi imene ndinamuikira m'mawa ili pambali pake, ntchentche itagweramo. Masana Kochi anatuluka m'nyumba akukonza kolala, anamugwira pamutu kamodzi, nati akhale bwino ndi azakhali, amubweretsera siwiti. Mwana anamutsatira ndi maso mpaka anakhota pakona. Kenaka anakoka nsalu imene ndinkasoka, mpaka ndinaimitsa makina.

"Azakhali, athamangireni adadi. Muwauze kuti lero sindinamwe ngakhale pang'ono. Ndi dzulo lomwe sindinamwe."