Mchere wa Apongozi

Ufulu titangolandira kumene, ndinali mkamwini m'chigwa cha Domasi, ndikuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Malosa. Apongozi anga aakazi anali amasiye, amayi olemekezeka kumpingo, ndipo ine ndi iwo tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'chimanga, ine n'kumayang'ana kuphiri ngati sindinalionepo. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga.

Mkazi wangayo ndiye anazindikira kuti zinthu sizili bwino. Mayi ake, amene anasiya kusamba kalekale, anayamba kuitana mdzukulu kuti adzawathirire mchere m'ndiwo. Kwathu mkazi akamataya magazi sathira mchere, kuopa kudwalitsa odya. Atawapanikiza anaulula kuti pakhomo pa njira ya mkodzo panatuluka kachotupa kofiira, kochucha magazi, kowawa pokodza. Anabisa dzinja lonse poopa kuti anthu anganene kuti wamasiye watenga matenda kwa amuna.

Mkazi wanga anali ndi pakati, wotopa, choncho wowaperekeza ku chipatala ku Zomba ndinali ine. Popita ku Songani kukakwera basi, iwo anali kutsogolo, ine kumbuyo kutali ngati sitidziwana.

Dokotala anali mzungu, Chinyanja chake chothera pa moni. Namwino womasulira anali mwana wa ku Naisi, mayi ake opemphera limodzi ndi apongozi. Ndili pabenchi panja ndinamva mawu a apongozi.

"Ameneyu ayi. Mawa lomwe mpingo onse umva. Aitaneni aphunzitsi ali panjawo."

"Agogo, amenewo si akamwini anu?" anafunsa namwinoyo.

"Eya. Nde sangakanene kwa munthu."

Ndinalakalaka basi ija ikanatifera panjira. Anandiimika kuseri kwa katani, nkhope ndinalozetsa kukhoma. Dokotala ankafunsa, ine n'kutembenuza: magazi anayamba liti, mkodzo umatuluka bwino kapena modontha, m'mphechepeche muli zotupa kapena ayi. Mawu amene mwamuna satchula ngakhale kwa mlongo wake ndinawatchula kwa apongozi, thukuta lili kamukamu. Pena ndinkazungulira, dokotala n'kundibweza kuti ndifunse molunjika. Zinandipsetsa mtima, koma sankalakwa. Apongozi ankayankha motsitsa, osaphonya kanthu.

Atawayeza, dokotala anati zotupa zotere mwa amayi achikulire zambiri n'zosaopsa, koma zina ndi khansa, ndipo maso okha sangasiyanitse. Anafunika kudulako kachidutswa kuti akakayeze ndi makina okulitsa zinthu. Ndinamasulira zimenezo.

"Afunseni, si matenda a chiwerewere?" anatero apongozi.

Dokotala anati ayi, ngakhale pang'ono. Ndinamva apongozi akupuma mozama. Za khansazo sanafunseko n'komwe.

Ine ndiye ndinazisenza. Masabata odikira zotsatira za kachidutswa kaja choko chinkandigwa m'manja m'kalasi. Titapitanso, ndinaimanso kuseri kwa katani yomwe ija. Sinali khansa. Anakachotsa kachotupako, bala n'kupola.

Kumudzi zonse zinabwerera mwakale. Apongozi anapitiriza kupatukira m'chimanga, ine kuyang'ana kuphiri, koma tsopano manyazi anali enieni, osati a mwambo chabe. Sitinatchulepo za ku Zomba mpaka anamwalira ndi ukalamba. Ngakhale lero polemba izi makutu akunditentha, chifukwa anandikhulupirira kuti sindidzanena.

Tsiku lina masana, bala lija litangopola, nditaweruka kusukulu, mdzukulu uja anabwera ndi mbale ya nkhwani wotendera kuchokera kwa agogo ake. Nditalawa, mchere unali wolumalumadi, wosadyeka. Ndinayang'ana mkazi wanga.

"Athira okha," anatero. "Akuti apatseni bambo."

Ndinadya ndiwo zonsezo, mutu uli pansi.