Nkhono M'nsapato Zanga Zatsopano

Ine ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Ntchito yoyendetsa basi ku Croydon, kuno kwa azungu, inatha chifukwa ndinauza munthu wina zoona zokhudza nkhope yake. Nditalowa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, sipanapite nthawi madandaulo anafikanso ku ofesi. Abwana athu anali mayi wa ku Zomba, wamng'ono kwa ine, koma akakuyang'ana umakumbukira machimo ako onse. Anandiuza m'Chichewa kuti ndimve bwinobwino:

"Achimwene, mukangokalipiranso munthu mmodzi, ntchito yatha. Ndipo musadzanditchule kwina kulikonse kuti ndikuchitireni umboni."

Ana anga awiri anali pasukulu. Ndinalonjeza kuugwira mtima.

Kenako ananditumiza kwa mdala wina wachizungu amene anzanga onse anamuthawa. Kale anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, mpaka chipani chake chomwe chinatopa naye. Tsiku loyamba ndinamupeza atavala mkanjo wogonera, tayi pakhosi, sokosi zachikasu, akufotokozera nkhunda za pawindo nkhani ya misonkho. Atandiona anati, "Ndinabetcha ndi mphaka kuti kubwera wamtali. Ndaluza. Lowani."

Juga ndiye chinali chipembedzo chake. Anatchova pa mahatchi, pa agalu, pa makhadi, mpaka nyumba ya makolo ake inapita. Mwana wake wamkazi anamulanda zonse za kubanki, koma matendawo sanathe. Ankabetcha kuti dontho liti la mvula lifike msanga pansi pa galasi, kapena nkhunda iti iyambe kuuluka. Ankaikapo chipewa, mabisiketi, tsiku lina mano ake oikirira. Mnzake wa juga anali gogo wina wamkazi wa nyumba yoyandikana, wa chipani china, amene kale ankalimbirana naye mavoti. Ankadana mokoma, tiyi n'kumamwera limodzi.

Tsiku lina ndikuwaikira makapu, mdalayo anandiloza ndi supuni.

"Ndamva kuti uli ndi ukali wa njati, koma ine sindinauone. Ndabetcha ndi mayi awa kuti masamba a mtengo uwo asanathe kuyoyoka, ukhala utanditukwana. Woluza avala riboni ya chipani cha mnzake, ayende nayo mumsewu waukulu dzuwa likuswa mtengo."

"Bwana, ndikakutukwanani ntchito yanga itha."

"Ndiye kukoma kwake. Mpikisano wopanda wogwa ndi maliro."

Kuyambira pamenepo ndinaona zakuda. Sankatukwana ngati ife ayi. Ankanyoza mwaulemu, monga ankachitira ku Nyumba ya Malamulo, akunditchula kuti Wolemekezeka. Tiyi wanga ankati ndi wofooka moti akufunika ndodo yoyendera kuposa iyeyo. Ndikamutengera kuchipatala ankauza anamwino kuti Wolemekezeka amayendetsa galimoto ngati wanyamula maliro a munthu amene ankadana naye. Ine ndinkangoti, "Chabwino bwana," n'kupita kuseri kwa nyumba, kutsegula bini ya zinyalala, kulowetsamo mutu, kutukwana mpaka kukhosi kuume, n'kutseka. Gogo uja ankandipatsira bisiketi pamwamba pa mpanda. "Limba mwana wanga. Riboni imeneyo ine sindivala."

Masamba atayamba kufiira, mdalayo anatopa.

"Bwanji suyankha? Ku Nyumba ya Malamulo kuja munthu wosayankha timamuyesa wafa, timaitanitsa chisankho."

Ndinamuuza kuti ine ndinakulira pafamu ya fodya ku Zimbabwe, kwa makolo a ku Dedza, ndipo kumeneko munthu wamkulu satukwanidwa, pokhapokha akhale msuweni wako, mwana wa amalume. Ameneyo mumanyozana mmene mungathere, ungamulande ngakhale malaya, palibe mlandu.

Maso ake anawala ngati waona hatchi yake ikutsogola. Anaimirira, anagwira tayi, n'kulengeza kuti Nyumba yakumana. Anapereka ganizo loti iyeyo akhale msuweni wanga. Gogo anakana. Iye anavomera. Mphaka anayasamula, ndipo anati imeneyo ndi voti. Ganizo linadutsa.

"Usuweni suvoteredwa," ndinatero.

"Chilichonse chimavoteredwa, msuweni. Nditukwane."

Ndinapita kubini.

Tsiku limene zinaphulika ndinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mnzanga ku Tottenham. Ndinabwera ndi nsapato zatsopano, zakuda, zonyezimira moti umatha kumetera ndevu, n'kuzisiya m'khonde kuti ndivale poweruka. Ndinalowa kukhitchini kukatsuka mbale. Potuluka ndinapeza nkhalamba ziwiri zija zitagwada pakapeti, mawondo akulira. Zinali zitatola nkhono m'munda. Nsapato zanga anazigoneka cham'mbali, m'kati ataikamo tsamba la letesi, kuti nkhono yoyamba kulowa ndiye yapambana. Zinayi zinali zitalowa kale. Ina inali pamwamba, ikulemba mzere wa mamina kuchokera kumphuno mpaka kuchidendene.

Bini inali kutali.

"Iwe nkhalamba yopanda manyazi! Mutu ngati dzira lowola! Miyendo ngati ya kakowa! Anthu amene ankakuvotera anali atamwa chiyani? Nyumba ya abambo ako inadyedwa ndi hatchi yotsimphina, mano unaluza kwa mayi awa, nanga nzeru unaluza kwa ndani? Kwa mphaka?"

Zonsezo zinatuluka m'Chichewa, Chingerezi chitathawa. Ndinapuma. Ndipo m'pamene ndinaona kuti chitseko n'chotsegula, ndipo pakhomo paima abwana aja a ku Zomba. Linali tsiku lawo loyendera makomo. Munthu yekhayo mu Croydon yense amene akanamva liwu lililonse.

Mdala anadzuka mogwira mpando. "Mayi, mwafika bwino. Tandimasulirani, kubetchaku kukufuna umboni."

Abwana anandiyang'ana. Kenako, ndi mawu a m'kalasi, anamasulira zonse osasiya kanthu. Pa kakowa anafotokozanso kuti ndi mbalame yoyera yotsata ng'ombe. Mdala ankaomba m'manja. Gogo anagwira kumutu.

"Achimwene, tengani chikwama chanu," abwana anatero.

M'maganizo ndinaona ana anga. Ndinaona mkazi wanga akundifunsa kuti ndatukwananso ndani.

"Dikirani," anatero mdala. "Ameneyu ndi msuweni wanga. Nyumba inavomereza."

Abwana anakweza nsidze. Usuweni ankaudziwa kuposa tonsefe. "Ngati ndi msuweni wanu, bambo, malamulo athu salola munthu kugwira ntchito kwa m'bale wake. Ngati si msuweni wanu, watukwana munthu amene amamusamalira. Sankhani."

Apa ndiye ndinaona chimene boma linkamulipirira munthu uja. Anakonza tayi, anatsokomola.

"Mayi, pa nkhani ya kutukwana ndi msuweni wanga weniweni. Pa nkhani ya ntchito sindikumudziwa, ndi mlendo wochokera ku ofesi kwanu. Ndakhala mbali ziwiri za nkhani iliyonse moyo wanga wonse, ndipo sindinagwepo pakati. Komanso ndikubetcha sokosi izi kuti wina aliyense amene mutumize safika Lachisanu."

Abwana sanabetche. Ankadziwa kuti ndi angati anathawa kale.

"Ndingofunsa chimodzi. Mukudandaula?"

"Kwambiri. Wachedwa. Masamba atsala pang'ono kutha."

Abwana anayang'ana nkhono ija, imene tsopano inali kutsikira m'kati. Ankadziletsa kuseka. Potuluka anandinong'oneza: "Popanda wodandaula palibe mlandu. Koma achimwene, msuweni satukwanidwa moperewera choncho. Sokosi zachikasu zija mwalekeranji kuzinyoza?"

Atapita, ndinalowa kuchipinda kwa mdala, ndinatsegula kabati, n'kusankha nsapato zake zabwino kuposa zonse, zachikopa chofewa, zimene ankati anakumana nazo nduna zambiri.

"Ukutani nazo?"

"Ndakuuza kale, msuweni amalanda. Nyumba inavomereza."

Ndinazipanira m'khwapa, n'kutuluka nazo.

Kuchinkhoswe ndinavina nazo ngakhale zinkandithina. Loweruka lotsatira gogo anavala riboni ija, nkhope ili gwa ngati akupita kukazulitsa dzino. Msuweni wanga ankatsata pambuyo atavala masilipasi, ine nditamugwira mkono, akuuza aliyense pa siteji ya thiramu, kasitima koyenda mumsewu, kuti mayiwa atembenuka mtima. Pobwerera anafuna kubetcha kuti sindingathe sabata osamutukwana. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa asanaluzenso mano.